Pa Khoma Pali Kaunda, Nanga Mzere Uli Kuti?

Loweruka lapitali ndinakadya nsima yamasana pa kalesitilanti katsopano kamene kali m'mbali mwa msewu polowa mu Chipulukusu. Anzanga anakatama kwambiri, akuti ukalowamo uona ngati wabwerera m'zaka za m'ma 1970. Ndinatenga amalume, amene anagwira ntchito mu mgodi ku Kitwe, popeza zakazo iwo anaziona ndi maso awo.

Makoma ndi okongola, sindikana. Pali chithunzi cha Kenneth Kaunda ali ndi kansalu kake koyera m'manja. Pali zikuto za malekodi a WITCH ndi Amanaz, magulu a ku Kitwe, ndi cha Paul Ngozi. Pa shelufu pali wailesi yakufa, ayironi yamakala ndi ndalama zija za K50,000 zimene tinasiya mu 2013 atachotsa maziro atatu. Zamrock ilira chapansipansi. Apa mwiniwake anaganiza bwino, chifukwa malekodi ambiri a nthawiyo anali kupangidwa konkuno ku Ndola, ku kampani ya Teal. Nyimbozi si zobwereka, ndi zathu.

Amalume anayang'ana khoma lonse, kenaka anandifunsa kuti, "Aphunzitsi, nanga mzere uli kuti?"

Anali kunena za mizere ya unga, sopo ndi mafuta ophikira pa masitolo a boma. Mtengo wa mkuwa utagwa chapakati pa zaka za m'ma 1970, zinthu zinayamba kusowa, ndipo amayi anali kulawira usiku kukaima pa mzere, nthawi zina n'kubwerako chimanjamanja. Mu Disembala 1986 boma litakweza mtengo wa unga wa breakfast, anthu a ku Kitwe ndi Ndola anachita chipolowe. Ena anafa, ndipo Kaunda anabweza mtengo wakale. Zonsezi khoma silitchula. Likumbukira gitala koma laiwala njala. Mnyamata wobadwa mu 2005 akadya pano achoka ndi maganizo akuti makolo ake anali kungovina.

Chakudya ndiye chinanena zoona. Nsima ya roller inabwera yotentha, yolimba bwino, yopanda mibulu. Chibwabwa chotendera, chimene kuno timati ifisashi, chinali chabwino kuposa zonse: nsinjiro zokwanira, mchere wapakati, masamba osafewetsa. Kapenta anali wokazinga mouma. Nkhuku yokha ndiyo inandikhumudwitsa. Pa bolodi analemba kuti ndi yakumudzi, koma mnofu unali kungosupuka, ndipo fupa amalume analitafuna ngati bisiketi. Munkoyo unabwera m'makapu achitsulo ochotsedwa penti dala kuti aoneke akale. Amalume anaseka, nati kapu yotere kwawo anali kuibisa alendo akabwera.

Chimene chinandivuta kwambiri ndi mtengo. Mbale imodzi ingakugulire mbale ziwiri kwa amayi ophika pa msika. Amene anadzaza matebulo ndi a magalimoto ochokera ku mayadi, ku Kansenshi ndi Northrise, ojambula nsima kuti aike pa Facebook isanazizire. A mu komboni anali kungodutsa panja. Komatu amene anaphika chibwabwa chija ndi mayi wa mu Chipulukusu momwemu. Ndinawaona kuseri akupeperera mbaula. Kwa iwo makala ndi mthiko si zokongoletsa, ndi ntchito ya tsiku ndi tsiku.

Sindinena kuti musapiteko. Pitani, itanitsani chibwabwa ndi kapenta, nkhuku muisiye. Koma mutenge agogo kapena amalume, muwafunse zimene palibe pa khoma. Kwa mwiniwake ndipempha zinthu ziwiri: chithunzi chimodzi cha mzere wa unga pafupi ndi cha Kaunda, ndi mbale imodzi ya mtengo umene wokankha wilibala angakwanitse.

Potuluka amalume anapita kuseri, naomba m'manja, nati, "Zikomo amayi, mwaphika." Kenaka anandiuza kuti sabata yamawa tikadye pa msika, ndipo olipira ndine.