Nkhani Yothera Panjira

Anzanga alembi, tikakumana timadzudzulana kaŵirikaŵiri za nkhani zothera panjira. Lero ndabwera ndi ina yotero, ngakhale mlembi wake sali pakati pathu. Ndi lipoti la pulojekiti ya yunivesite ina, imene idalandira ndalama zakunja kuti igaŵe zipangizo kwa anthu aulumali.

Ndaliŵerenga kaŵiri chifukwa amalume anga alimo. Ali pa tsamba lomaliza, akhala pa njinga yatsopano, akumwetulira. Pansi pa chithunzicho palembedwa kuti cholinga chakwaniritsidwa. Mlembi walekera pomwepo.

Komatu kwathu ku Diamphwe nkhani idayambira pamenepo. Njingayo adaipangira simenti ya m'chipatala. Itakumana ndi matope a dzinja loyamba, timatayala takutsogolo tidaguluka. Tidaikweza pa ngolo mpaka ku Mitundu, kumene amisiri amadzutsa njinga za kabaza tsiku ndi tsiku. Mmisiri adaizungulira kaŵiri, nati, "Achimwene, chitsulo ichi kuno simungachipeze." Titalemba kalata, adatiyankha kuti nthaŵi ya pulojekiti idatha, ndipo ndalama zokonzetsera sadaziŵerengere. Lero m'njingamo mumaikira nkhuku, amalume adayambanso kukwaŵa.

Cholakwa choyamba cha lipotili ndi mwininkhani. Amene akulankhula kuyambira tsamba loyamba ndi wopereka. Wolandira sapatsidwa mpata ngakhale wa chiganizo chimodzi. Chachiŵiri ndi nthaŵi. Lipoti limaŵerenga miyezi ya ndalama, pamene ulumali umaŵerenga zaka za moyo wa munthu.

Sindikuti oyendetsa ntchitoyi ndi anthu oipa. Mwini ndalama amafuna malisiti ndi chiŵerengero cha njinga tsiku lake lisanadutse, ndipo tayala lophulika chaka chamaŵa lilibe lisiti lero. Koma sangati sadadziŵe. Mu 2008 bungwe la WHO lidatulutsa malangizo a kagaŵidwe ka njinga zoterezi, ndipo amati ntchito imayamba ndi kumuyeza munthuyo, imatha ndi kumuyendera ndi kumukonzera njinga ikawonongeka. Kuno kwathu nkhaniyi si yachilendo: lamulo lokhazikitsa MACOHA lidadza mu 1971, ndipo Malawi Against Polio idayamba mu 1979. Kalembera wa 2018 adapeza kuti mwa anthu a zaka zisanu kupita m'tsogolo, oposa khumi pa 100 alionse ali ndi ulumali. Khamu lotere silingadalire chithunzi cha tsiku limodzi.

Ndikadakhala mkonzi, lipotili ndikadalibweza kuti mlembi awonjezere mutu wina. Apite ku Diamphwe patatha mvula ziŵiri, akhale pakhonde, amalume alankhule iye akulemba. Akafunsenso mmisiri wa ku Mitundu kuti ndi zitsulo ziti zimene amazipeza pamsika, njinga yotsatira idzamangidwe ndi zomwezo. Ku Bunda, pafupi pomwepo, kuli ophunzira uinjiniya amene angathandize kuyeza ndi kujambula.

Tonsefe maŵa tidzalemba malipoti, ena m'maofesi a boma, ena m'mabungwe. Tisanalembe kuti "zatheka", tiyambe taona ngati nkhuku sizinaikiremo.