Za Kuphunzira Udokotala Poyamba ndi Wodwala

M'chaka cha 1969 sukulu ya udokotala ya McMaster, ku Hamilton m'dziko la Canada, inayamba kuphunzitsa mwa njira yachilendo, ndipo ya ku Maastricht ku Netherlands inatsata mu 1974. Mphunzitsi saimirira kutsogolo ndi kulalikira ayi. Ophunzira akhala m'kagulu kakang'ono, napatsidwa pepala lonena za wodwala: munthu alikutsokomola, thupi latentha, mpweya wachepa. Akambirana monga akulu pabwalo, nalemba zimene sazidziwa, nabalalika kukafunafuna m'mabuku, nakomananso atapita masiku owerengeka.

Ife tiiyamikira njirayi, pakuti wodwala safika kwa dokotala dzina la nthenda litalembedwa pamphumi. Koma mlandu tili nawo. Wophunzira watsopano asauka mumtima posadziwa polekezera: awerenga za mapapo usiku wonse, alikuopa kuti za mtima zampitirira. Ndiponso m'kagulu salephera kupezeka uja wa pakamwa popepuka, wolankhula angakhale sanawerenge. Wamanyazi, amene anawerengadi, angoti chete, ndipo cholakwa chilowa m'makope a onse.

Tsono maso athu ali pa mphunzitsi. Anamlangiza kuti asafulumire kuyankha, koma ena ayesa kuti kusayankha ndiko kuwodzera. Kuponya funso limodzi pa nthawi yake, ndi kumtchula dzina wachete uja kuti anene zimene wapeza, ndiyo ntchito yoposa kuwerenga phunziro lolembedwa kale. Sukulu yotenga njirayi isanazoloweretse aphunzitsi ake ntchito imeneyi iwalakwira ophunzirawo.