Dandaulo la munthu wamba limathera kuti?

Munthu akamenyedwa ndi wapolisi, kapena akaumirizidwa kupereka chiphuphu pa chipata cha m'malire, akadandaule kwa yani? Kwa zaka zambiri, wodandaula ankabwerera ku polisi komweko, ngati mbuzi yokasuma kwa fisi.

Mu 2010 dziko lino lidakhala ndi lamulo latsopano la apolisi, lomwe lidakhazikitsa bungwe loyima palokha lofufuza madandaulo okhudza apolisi, la Independent Complaints Commission. Ganizo lidali labwino, pakuti wofufuza mlandu sayenera kukhala mnzake wa wolakwa. Komatu bungwelo lidakhala papepala zaka khumi. Aphungu adavomereza bajeti chaka ndi chaka, khomo lomwe adalonjeza lili chitsekere.

Kuipa kwa kuchedwako tidakuona mu Okutobala 2019, pamene amayi ndi atsikana a ku Msundwe, M'bwatalika ndi Mpingu, m'boma la Lilongwe, adadandaula kuti apolisi adawagwirira. Bungwe loyenera kuwamvera lidali lisanayambe ntchito. Adapita ku Bwalo Lalikulu la milandu, ndipo mmodzi mwa osumiridwa adali Mlembi wa Nyumba ya Malamulo. Mu Ogasiti 2020 bwalolo lidalamula kuti amayi ndi atsikana 18 alandire chipukuta misozi. Chaka chomwecho ndi pamene mkulu woyamba wa bungwe lija adasankhidwa. Chomwe chidadzutsa lamulo ndi misozi ya amayi, pomwe ntchito yolilondoloza idali ya aphungu.

Ife a m'mbali mwa nyanja tili ndi nkhawa inanso. Ana athu amadutsa pa Chiponde kukachita malonda ku Mandimba, ena amatulukira pa Dedza kapena pa Mwanza kulowera ku Joni. Mphamvu za bungweli zimathera pa apolisi. Wolakwiridwa ndi wogwira ntchito ku nthambi yoona za olowa ndi otuluka m'dziko ayenera kufunafuna khomo lina, monga la Ombudsman, kapena la Anti-Corruption Bureau ngati nkhani ndi ya chiphuphu. Mayi wogulitsa usipa wouma angadziwe bwanji kuti yunifolomu iyi ikasumidwa kuno, inayo uko?

Aphungu ali nazo zida. Amavomereza ndalama za mabungwewa, amalandira lipoti la Ombudsman chaka chilichonse monga momwe malamulo aakulu a dziko amanenera, ndipo ali ndi komiti yoona za chitetezo yomwe ingaitanitse akuluakulu a nthambizi. Tikufuna azifunsa poyera kuti madandaulo adalowa angati, adatha angati, ndipo olakwa adalangidwa bwanji. Tikufunanso kuti njira yodandaulira ifike ku Mangochi, ku Salima ndi ku Nkhotakota, m'Chichewa ndi m'Chiyao.

Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Phungu wathu akabwera kudzacheza nafe kumudzi, tisamufunse za mijigo ndi milatho yokha. Timufunsenso kuti madandaulo a anthu ake adawafikitsa pati.