Musanajambule Chilombo, Jambulani Chigafa

Achinyamata odziwa kujambula achuluka m'dziko muno, ndipo ambiri atopa nazo zija za mlambe, bwato ndi dzuwa lolowa zimene amagulitsa kwa alendo ku Senga Bay ndi ku Cape Maclear. Tsopano akufuna za m'nthano: zilombo, mizimu, napolo, mfiti zouluka pa lichero, mafumu a maiko osaoneka ndi maso. Ndikuwavomereza ndi mtima wonse. Chikundiwawa n'chakuti atachoka pa mlambe paja sanalowere kumunda kapena kutchire, athamangira pafoni. Zipatso zake tikuziona pa Facebook tsiku ndi tsiku: chinjoka chamapiko chotapidwa mu filimu ya ku America, kumbuyo kwake mapiri osongoka a kumaiko ozizira, kenaka pakona mtsikana wa chitenje kuti chithunzicho chioneke chakwathu. Oonerera n'kumaombera m'manja amvekere, "Ngati foto!" Mawu amenewa apha luso la ana ambiri. Ntchito yofanizira ndi foto kamera inaitenga kalekale, ndipo imaigwira bwino kuposa dzanja la munthu.

Chinthu chimene kulibe anthu amachikhulupirira pokhapokha chikaponda nthaka imene ilipo. Amene sanakhalepo pansi n'kuyang'anitsitsa momwe mthunzi wa chigafa umagwera pa katondo dzuwa likapendeka sangatiuze momwe mthunzi wa chilombo ungagwere. Zida za sukulu imeneyi n'zochepa: kabuku kojambulamo, pensulo, kabokosi ka utoto wamadzi, maburashi awiri, botolo la madzi ndi miyendo. Kalasi yake ndikanaiika pa chidikha cha fodya cha Kasungu.

Mulanje ndi Zomba amanyengerera wojambula. Phiri limampatsa kale maonekedwe, ngakhale wadzanja lolemera amabwerako ndi kanthu kooneka. Koma kwerani basi ku Lilongwe mumsewu wa M1, muoloke Bua, mudutse pa Chinkhoma pamene pali okushoni ya fodya, muone momwe dziko lagonera. Mizere, zigafa, chulu apa, mtengo wa mango apo, malaina m'malire a esiteti, ndipo patali phiri la Kasungu litaima lokhalokha. Mulibe pobisala. Gawo lalikulu la pepala lanu ndi thambo, ndipo thambolo mukalilephera chithunzi chonse chagwa.

Apa ndi pamene utoto wamadzi ulibe mnzake. Mwezi wa Januwale masana, mitambo ikayamba kuundana cha kumadzulo, mumanyowetsa pepala ndi madzi oyera mpaka linyezimire, n'kudikira pang'ono kuti kunyezimirako kuyambe kuzilala. Kenaka mumangokhudza ndi nsonga ya burashi yodzaza buluu wosakaniza ndi kofiirira, n'kuchotsapo dzanja. Utoto uja umayenda wokha. Umafalikira mbali imene madzi achuluka, umaima pamene pepala layamba kuuma, ndipo m'mphepete mwake mumabadwa kufewa kumene palibe dzanja lingakupange mwadala. Mukapendeketsa thabwa, utoto umatsetsereka n'kusiya mizere yotuwa, imene ndi mvula ija imaoneka ikugwa kwa eni ake inu muli pouma. Zonsezi zimachitika m'kamphindi, ndipo mukabwereza ndi burashi pofuna kukonza, mwaononga. Madzi atsopano akagwera pa utoto woyamba kuuma amaukankhira kunja n'kusiya chipsera cha m'mphepete mokhotakhota. Aphunzitsi ambiri amachitcha cholakwa. Ine ndimati wojambula za m'nthano achiphunzire mpaka azichiitana pamene wachifuna, chifukwa mtambo wokhala ndi nkhope, umene ana onse amauona koma akulu anasiya kuuona, umachokera pamenepo.

Wa acrylic amapaka buluu pansalu ponse n'kudzadontheza zoyera pamwamba, mitambo yake imalemera ngati simenti. Wa pakompyuta ali ndi batani lobwerera m'mbuyo, choncho saphunzira kusankha.

Lamulo lalikulu la utoto wamadzi ndi lakuti kuwala sikuchokera mu utoto, kumachokera papepala. Utotowo ndi fumbi la mtundu lomangidwa ndi utomoni wa mtengo, wopyapyala moti kuwala kumaubooleza, kukagunda pepala loyera n'kubwerera m'maso mwanu. Ndiye chinthu chowala kwambiri m'chithunzi ndi malo amene simunapakepo kalikonse. Mumayamba ndi zowala kupita ku zakuda, osati kubwerera. Uli ngati mchere m'ndiwo: kuonjezera n'kotheka, kuchotsa ayi. Tanthauzo lake n'lakuti musanaviike burashi muyenera kudziwa kale pamene mudzasiye.

Taganizani tsono za kamvuluvulu wa mu Okutobala, minda ili mbee, mpweya uli ndi utsi wa lupsa, phiri lija likuoneka mwa chizimezime. Agogo athu ankati m'kamvuluvulu mumayenda zinthu. Mnyamata wa pafoni uja akamva zimenezi amajambula chimunthu chamano ndi maso ofiira chitaima pakati pa fumbi, chilichonse chili poyera mpaka zikhadabo. Palibe amene amaopa. Wa utoto wamadzi amapaka munda, amapaka thambo lotuwa, pakati n'kusiya mpata woyera wopotoka, m'mbali mwake atafewetsa ndi burashi yonyowa, timapesi tiwiri titatu tikuuluka pamwamba, mbuzi ikuthawa, mayi wasenza mtolo wa nkhuni ataima chilili kuyang'ana. Chimene chili mumpatamo wooneera amachibweretsa yekha kuchokera ku nthano zimene anamva ali mwana, ndipo chimenecho n'choopsa kuposa chilichonse chimene inu mukanajambula. Anthanthi a kumudzi amadziwa zomwezi. Salongosola chilombo kuyambira kumutu mpaka kuphazi, amangotchula kuti mitengo inali kuthyoka.

Nyengo ya ku Kasungu nayo ndi mphunzitsi waukali. M'chilimwe mpweya ndi wouma moti utoto umauma burashi isanafike kumapeto kwa pepala. Simungazengereze. Mumasakaniza utoto wokwanira musanayambe, mumasankha zinthu zitatu zofunika, zina zonse mumazisiya. Koma kuuma komweko kumapereka mphatso ina: burashi yopanda madzi ambiri mukaikoka msanga papepala lokhakhala, utoto umangogwira timitunda n'kulumpha timaenje, ndipo mwapeza kale tsekera wouma kapena udzu wa padenga, osajambula kaphesi n'kamodzi komwe. M'dzinja zimatembenuka, pepala limakana kuuma, ndiye mumaphunzira kudekha.

Kudekhako kumafunika kwambiri m'chigafa. Ndikanakhala ndi mphamvu, wophunzira aliyense ndikanamukhazika mmenemo fodya atasokedwa n'kupachikidwa pa mikangala, asanaloledwe kujambula phanga la mzimu kapena nyumba ya mfiti. Chigafa cha fodya wa bale chilibe makoma, ndi mitengo ndi denga laudzu, choncho kuwala kumalowa cham'mbali ndi chapansi. Masamba atsopano akadali obiriwira, a sabata yatha asanduka achikasu, akale afiirira, ndipo mkati mwenimweni muli mdima. Komatu mdimawo si wakuda. Yang'anitsitsani: ndi wofunda, uli ndi kufiira mkati mwake. Amene amafinya utoto wakuda n'kumata pamenepo waboola chithunzi chake. Mdima wa m'chigafa umamangidwa mosanjika. Mumayala chikasu chopyapyala paliponse n'kudikira chiume gwa. Pamwamba pake kofiirira, kusiya masamba amene agwira kuwala. Kudikiranso. Kenaka buluu pang'ono m'malo akuya okha. Utoto wapansi umaonekerabe kudzera mu wapamwamba, ndipo diso limalowa mkati n'kumayembekezera kuti china chake chisuntha. Wodziwa kupanga mdima wotere angathe kuikamo maso awiri okha, ife n'kumva tsitsi kuyimirira.

Wina anganene kuti izi ndi zokonda zanga chabe. Ayang'ane ntchito ya Alan Lee, Mngelezi amene anajambula zithunzi 50 za utoto wamadzi m'buku la The Lord of the Rings lokumbukira zaka 100 chibadwire J.R.R. Tolkien. Nkhalango zake za m'nthano anthu amazikhulupirira chifukwa mitengo, mizu ndi miyala ya m'mitsinje anaziphunzira ku Dartmoor kumene anakhazikika, akuyenda ndi pensulo. Wopanga mafilimu Peter Jackson atamuitanira ku New Zealand pamodzi ndi wojambula mnzake John Howe kuti akathandize pa mafilimu a bukuli, awiriwa ankapita kumalo enieniwo n'kukhala pansi kujambula, ndipo mudzi wa Hobbiton unayamba ngati mizere ya pensulo pa famu ya nkhosa ku Matamata. Mu 2004 Lee analandira Oscar. Ana athu amakopera zimene iye anapeza, n'kusiya njira imene anazipezera.

Kwathu konkuno chitsanzo chilipo ku Mua, m'boma la Dedza. Bambo Claude Boucher, wansembe wochokera ku Canada amene Achewa anampatsa mfunda wa Chisale, anayambitsa malo a Kungoni mu 1976, ndipo kwa zaka zambirimbiri ankapita kumabwalo kumene gule wamkulu akuvinidwa, kuona, kulemba ndi kujambula. Buku lake la When Animals Sing and Spirits Dance linatuluka mu 2012. Zilombo za m'zithunzi zake zili ndi kulemera, mapazi ake amadzutsa fumbi, chifukwa anaziona zikuvina. Pano ndichenjeze: gule si nthano yongopeka, ali ndi eni ake ndi mwambo wake, ndipo wojambula amene wafika pamudzi ayambe waonana ndi amfumu. Kudambwe si malo a kabuku. Koma pabwalo, pamene aliyense amaloledwa kuona, pali phunziro limene intaneti ilibe: momwe Kasiyamaliro amatulukira m'fumbi chakumadzulo, thupi lake theka likuoneka theka lasungunuka m'kuwala. Imeneyo ndi ntchito ya pepala lonyowa.

Kuyenda ndi kabuku si chinthu chachilendo m'chigawo chino. Thomas Baines anafika ku Tete mu 1858 ngati wojambula wa ulendo wa David Livingstone pa Zambezi, ndipo zimene anajambula zikutionetsabe momwe tauniyo ndi mtsinjewo zinkaonekera. Livingstone anamuchotsa ntchito mu 1859 pomuganizira kuti waba katundu wa ulendowo. Baines anali ndi diso lakuthwa, koma linali diso la mlendo wodutsa, wojambulira anthu a ku London. Mwana wa ku Chamama, ku Santhe kapena ku Nkhamenya ali ndi chimene Baines analibe: amadziwa dzina la mtengo, amadziwa mwini munda, amadziwa chifukwa chake dambo lakutilakuti anthu salidutsa usiku.

Amadziwanso zowawa, ndipo kabuku koona sikazibisa. Mukakhala pansi nthawi yaitali pa esiteti mudzaona manja a matenanti atada ndi phula la fodya, ana amene anayenera kukhala m'kalasi ali pa ntchito yosoka, zitsa pamene panali mitengo ya mombo ndi msuku, ngolo za nkhuni zikulowera ku mabani a fodya wa fuluu amene moto wake suzima usana ndi usiku. Kodi wofuna chilombo akufunanso chiyani? Nyumba yaitali ya njerwa, yopanda mawindo, yopuma utsi, imene yameza nkhalango ndipo ikadali ndi njala. Ili pomwepo m'mbali mwa msewu, ikudikira woijambula, pamene iye ali kalikiliki kukopera chinjoka cha eni. Ndipo zodabwitsa za kuno si zoopsa zokha. Ku Wimbe, William Kamkwamba ali mnyamata anaimika nsanja ya mitengo ya bulugama, pamwamba pake mapiko ndi zitsulo za njinga, n'kutulutsa magetsi anthu akumunena kuti wachita misala. Mu 2022 njovu 263 zinanyamulidwa pa magalimoto kuchoka ku Liwonde kudzatulidwa m'nkhalango ya Kasungu, atazikweza ndi makina miyendo ili m'mwamba. Dziko limene njovu zimauluka chagada silifunika kubwereka maloto kwina.

Dandaulo limene ndimalimva n'lakuti zipangizo zimadula, ndipo ndi loona, koma pa chinthu chimodzi chokha. Utoto si vuto lalikulu. Kabokosi ka ana asukulu n'kokwanira poyambira, ndipo mitundu itatu, chikasu, kofiirira ndi buluu, imakwanira chidikha chonse. Katondo wosefa bwino ndi makala opera, mutasakaniza ndi utomoni wa mthethe wosungunula m'madzi, zimapereka utoto wogwira papepala. Amene anajambula pamiyala ya Chongoni, malo 127 amene UNESCO inawazindikira mu 2006, sanagule kanthu m'sitolo, ndipo wojambula Elson Kambalu waonetsa ku Lilongwe kuti dothi la kuno limalowa m'nyumba zoonetsera zaluso. Vuto ndi pepala. Pepala la m'kope kapena la pa fotokope likanyowa limafufuma, limakwinyika, utoto n'kuunjikana m'makwinya, ndipo mwana amaganiza kuti dzanja lake ndilo lalephera. Zonse ndafotokozazi, thambo lonyowa, mpata woyera, mdima wosanjika, zimafuna pepala lochindikala, makamaka la thonje, lija amalemba 300 gsm. M'masitolo a pa Kasungu boma ndi losowa, ndipo kumene limapezeka mtengo wake ndi wa alendo.

Choncho amene amakonza mipikisano ndi zionetsero, m'malo mopereka chikho kwa amene wakopera nkhope ya woimba ndi pensulo mpaka timabowo ta pakhungu, agule mapepala amenewa, awadule tizidutswa tokwana m'thumba, awagawe kusukulu za ku Chulu, Mtunthama ndi Lisasadzi. Ndipo pa tsiku loweruza, chithunzi cha napolo chikabwera, oweruza afunse kabuku kamene kanabala chithunzicho, atsegule aone ngati muli mtsinje wa Dwangwa utasefukira.