Mphete paphiri la Hora, ng'ombe m'manja mwa thenga

Achinyamata ena masiku ano aphunzira kufunsira mbeta pamwamba pa phiri. Mnyamata wa ku Mzimba wabwera patchuthi kuchokera ku Joni, watenga bwenzi lake ati tikawongole miyendo ku Hora kapena m'nkhalango ya paini ku Luwawa, mphete ili m'thumba, mnzake wa foni yojambula bwino akutsatira pambuyo. Kufika pathanthwe la pamwamba, mnyamata bondo pansi, mtsikana manja kukamwa, ndipo dzuwa lisanalowe chithunzi chili kale pa Facebook. Nzokongola ndithu. Koma makolo a ku Edingeni, ku Embangweni kapena ku Euthini akachiona chithunzicho amangofunsa kuti, thenga wake ndani?

Kwa iwo, zapaphirizo ndi pangano la anthu awiri, pamene ukwati ndi wa mabanja awiri, ndipo woupempha ndi munthu wotumidwa. Kwa Achewa ntchito yotere ndi ya ankhoswe, amene kawirikawiri amakhala amalume kapena achimwene a okwatiranawo. Thenga wa ku Mzimba nthawi zambiri sakhala wamagazi apafupi, ndipo amasenza nkhani imene nkhoswe ya kuchikamwini siidziwa, nkhani ya malowolo. Ndi ntchito yopanda sukulu ndi satifiketi, koma amene amaidziwa amaigwira mwaluso loti munthu nkukhala pansi kumangoonerera.

Luso limayamba iye asanaponde pakhomo pa eni mbeta. Banja silitenga wolongolola kapena wosachedwa kupsa mtima. Limafuna munthu wokhwima, wapabanja pake, amene mbali zonse ziwiri zingamumvere. Iyeyo amayamba wafufuza mwakachetechete. Kodi ziwongo za awiriwa sizikukumana penapake? Kodi mtsikanayu palibe wina anaperekapo kale mawu? Nanga zaka zake zakwana? Funso lomalizali lero ndi la boma, chifukwa lamulo la maukwati la 2015, limene limavomereza ukwati wa mwambo, komanso kusintha kwa malamulo aakulu a dziko mu 2017, zinaika zaka 18 kuti ndiye poyambira. Thenga wochenjera amadziwanso kuti khomo lenileni ndi azakhali a mtsikana, alongo awo a bambo, amene kumeneko amati ankhazi. Iwowo akamva nkhani mwaulemu, tsiku lofika thenga abambo amakhala atatsinidwa kale khutu, ngakhale adzachite ngati sakudziwa kanthu.

Taonani mmene amafikira. Amaima chapatali nkuodira, chipewa chili m'manja. Akamupatsa mpando wa ndalema, iye amasankha kampando kakafupi, kuti mutu wake usapose wa mwini mudzi. Moni wake ndi wautali mwadala. Afunsa za mvula, za chimanga, za ng'ombe ngati zikudya bwino, za agogo amene anamva kuti sakupeza bwino. Mwini khomo samutchula dzina lake lenileni koma chiwongo, a Jere, a Tembo, a Soko, ndipo mayi ndi NyaMoyo kapena NyaChirwa. Wapaulendo wongodutsa angaganize kuti bamboyu alibe chochita. Chonsecho akuyesa mtima wa pakhomopo, kuti aone ngati lero ndi tsiku loyankhula kapena longopereka moni nkubwerera.

Nthawi ikakwana amasendeza mbale yovundikira ndi inzake, mkati muli kandalama kotsegulira pakamwa. Amaisendeza ndi manja awiri, osaivundukula, ndipo sayamba nkhani mpaka eni khomo ataiona. Ngakhale apo satchula dzina la mtsikana. Amati iye ndi miyendo chabe, watumidwa ndi akuluakulu a kwa a Moyo kudzapempha ubale, kapena kuti tambala wa kwawoko waona msoti pabwalo pano. Kuzungulira kumeneku kuli ndi ntchito yake. Ngati banja silikufuna, likhoza kuyankha kuti msoti wa pano ukadali waung'ono, thenga nkubwerera popanda wochita manyazi, mabanja awiri aja nkumapatsanabe moni kumsika wa pa Boma kapena pa Jenda. Mnyamata akanapita yekha nkukanidwa pamaso, chilonda chake chikanatenga zaka.

Kawirikawiri yankho loyamba limakhala lakuti, tamva, koma ana pakhomo pano ndi ambiri, tiyambe tafunsa. Wosadziwa amabwerera atakhumudwa. Thenga amathokoza ngati wapatsidwa kale, chifukwa akudziwa kuti nkhani yalowa m'nyumba. Pa ulendo wotsatira mtsikana amaitanidwa, nkugwada chapambali, nkufunsidwa ngati anthuwa akuwadziwa. M'mabanja ambiri sayankha ndi mawu ochuluka. Amatola ndalama ija m'mbale nkupereka kwa abambo kapena azakhali ake, ndipo kuvomera ndi kumeneko. Pa mphindi imeneyi thenga wabwino maso amakhala pansi. Safuna kuti mawa wina adzanene kuti mwana anavomera chifukwa choopa diso la mlendo.

Pachimake pa luso ndi pa ng'ombe. Abambo ndi abale awo amatchula chiwerengero chawo, nthawi zina chokwera dala kuti aone kulemera kwa anthu abwerawa. Thenga sadzidzimuka, satsutsa, ndipo mawu akuti zadula satuluka m'kamwa mwake, pakuti akatero ndiye kuti wasandutsa mwana wa eni katundu wa pamsika. Amangoti wamva, akafikitsa. Akabweranso amayamba ndi kuyamika mmene mwanayo analeredwera, kenaka nkupempha kuti katundu apepukeko pang'ono, poti mnyamatayu ndi mwana wanunso, akungoyamba kumene moyo. Lero ambiri amalowola ndi ndalama zotumizidwa kuchokera ku Johannesburg kapena ku Cape Town, komabe zokambirana zimayenda m'dzina la ng'ombe. Amayamba agwirizana kuti ng'ombe ndi zingati, kenaka kuti imodzi ikuimira ndalama zingati. Thenga wanzeru amadziwa kuti pofewetsa nkhani ndi pachiwiripa, chifukwa bambo akhoza kutsitsa mtengo wa ng'ombe imodzi popanda kutsitsa ulemu wa chiwerengero chimene watchula pamaso pa abale ake. Ndipo sakakamira kuti zonse zithe tsiku limodzi. Zotsala zimapangitsa mkamwini kumaonekera kwa apongozi.

Chimene sichioneka ndi zimene amataya panjira. Kwa eni mbeta kumakhala m'bale wina wolusa amene anganene kuti anthu amenewa ndi amphawi, alibe ngakhale khola. Kwa eni mnyamata wina anganene kuti kodi mwana wawoyo ndi wagolide? Mawu onsewa thenga amawamva, koma amene amafika tsidya lina ndi akuti akuluakulu apempha kuti muganizirenso. Sanama, chiwerengero sasintha, koma ululu amausiya m'tchire. Akulu anati ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo udzaupeza, ndipo thenga amasamala milomo ya mabanja awiri amene adzakhalire limodzi pamaliro ndi pamaukwati zaka zambiri zikubwerazo.

Amakhalanso nkhokwe ya umboni. Amakumbukira kuti inapita ng'ombe yaikazi yamawanga ndi nkhunzi yakuda, kuti ziwiri zinatsala, ndi kuti analandira ndani, pamaso pa yani. Ambiri lero amalemba m'kope. Banja likadzagwedezeka, woyamba kuitanidwa ndi iyeyo, ndipo nkhani ikafika kubwalo la inkosi, mawu ake ndi amene amathandiza kudula mlandu wa ng'ombe ndi wa ana, poti ku Mzimba ana ndi a kuchimuna.

Phiri la Hora lomwelo likuchitira umboni kuti ntchitoyi si yamasewera. Angoni a Zwangendaba anawoloka Zambezi mu 1835, ndipo patapita zaka, ali pansi pa M'mbelwa, anakhazikika m'dziko la Atumbuka ndi mkondo. Cha m'ma 1880 Atumbuka otsogozedwa ndi Baza Dokowe anaukira, nazingidwa pa Hora, ndipo ambiri anafera pomwepo. Koma zidzukulu za mbali ziwirizi lero ndi mtundu wosalekanitsika. Angoni anatenga chilankhulo cha amayi awo Achitumbuka, Atumbuka natenga malowolo ndi ingoma. Anthu amene amasonkhana patsinde pa phirilo mwezi wa Ogasiti pa mwambo wa Umthetho, pamaso pa Inkosi ya Makhosi M'mbelwa V, ndi ana a maukwati amenewo, ndipo ambiri mwa maukwatiwo anayendetsedwa ndi munthu wa chipewa m'manja.

Zoona, mwambo ukhoza kupotozedwa. Alipo makolo amene amatchula malowolo ngati akufuna kumangira nyumba ya malata, ndipo alipo amuna amene amayesa ng'ombe ndi chilolezo chozunzira mkazi. Koma pamene pali thenga wolimba, zoterezi zimachepa, chifukwa iye amene anapempha mwana wa eni ndi ulemu ndi yemweyo amene amabwera kudzafunsa mwamuna kuti, kodi zimene tinalonjeza kwa apongozi ako zija ndi zimenezi?

Choncho anyamata, kwerani Hora, gwadani, jambulitsani, palibe choletsa. Koma musanagule mphete, khalani pansi ndi abambo anu aang'ono musankhe thenga, ndipo akakhala kuti akupita kukapempha ubale wa wina, mupempheni mumunyamulire chikwama kuti muone mmene amachitira. Akuluakulu odziwa ntchitoyi akutha, ndipo ofuna kuiphunzira ndi ochepa.