Mphamvu ndi Zofooka za Filimu ya Tsotsi: Mwana Wosoŵa ndi Nkhani ya Chilankhulo

1. Mau Oyamba

Si kaŵirikaŵiri pamene msonkhano wa ophunzira zilankhulo za mu Africa umakambapo za kanema. Ntchito yathu yaikulu yakhala kulongosola malamulo a zilankhulo, kukonza kalembedwe ndi kusonkhanitsa mau. Komabe pa kanema zilankhulo zathu zimamveka kwa anthu ochuluka kuposa amene amaŵerenga mabuku athu, choncho zimene opanga kanema amachita nazo ziyenera kutikhudza. M'pepala lino ndifuna kuyeza filimu ya Tsotsi, imene Gavin Hood wa ku South Africa adatulutsa m'chaka cha 2005. Filimuyi idachokera m'buku la Athol Fugard, lolembedwa cha m'ma 1960 koma losindikizidwa mu 1980, ndipo mu 2006 idalandira mphotho ya Oscar ya filimu yopambana mwa mafilimu a zilankhulo zosakhala Chingerezi. Ndiyamba ndi kufotokoza nkhani yake, kenaka ndiwonetsa pamene ili ndi mphamvu ndi pamene ikufooka, makamaka pa kagwiritsidwe ntchito ka chilankhulo.

2. Nkhani Yake Mwachidule

Mnyamata wotchedwa Tsotsi ndi mtsogoleri wa kagulu ka achifwamba m'dera lina la anthu osauka m'mbali mwa Johannesburg. Anzake ndi Boston, Butcher ndi Aap. Tsiku lina Butcher apha munthu m'sitima pomulanda ndalama. Usiku womwewo, ali pa moŵa, Boston afunsa Tsotsi mafunso oŵaŵa onena za dzina lake lenileni, makolo ake ndi chikumbumtima chake. Tsotsi amumenya koopsa nathaŵa mvula ikugwa, mpaka afika kudera la anthu olemera. Kumeneko awombera mai wina, Pumla Dube, pa geti la nyumba yake, namulanda galimoto. Atayenda pang'ono azindikira kuti pa mpando wam'mbuyo pali khanda.

Tsotsi anyamula khandalo m'thumba la pepala kupita nalo kukanyumba kake. Alephera kulisamala, ndipo akakamiza ndi mfuti mai wina wamasiye, Miriam, kuti aliyamwitse. Pumla apulumuka koma sangathenso kuyenda, ndipo iye ndi mwamuna wake John adikira apolisi kuti apeze mwana wao. Pomaliza Tsotsi abweza yekha mwanayo pa geti lomwe lija, apolisi atamuzinga.

3. Mphamvu Zake

Mphamvu yoyamba ndi ya kamangidwe ka nkhani. Mafilimu ambiri onena za mwana wosoŵa, monga Gone Baby Gone ya 2007 ndi Prisoners ya 2013, amaika owonera kumbali ya ofunafuna. Owonera sadziŵa kumene kuli mwana, ndipo nkhaŵa yao imachokera m'kusadziŵako. Hood adatembenuza zimenezi. Ife tikudziŵa kumene kuli khanda kuyambira pachiyambi, tikudziŵanso kuti amene ali nalo ndi munthu amene tamuwona akumenya mnzake mpaka kumuwononga nkhope. Funso lotivuta likhala loti, kodi munthu wotere adzachita nalo chiyani khandali? Pamene Tsotsi alimwetsa mkaka wotsekemera wam'chitini, nalisiya m'thumba kunsi kwa bedi, nabwerera kudzapeza nyerere zitadzaza kumaso kwake, mantha amene atigwira ngaakulu kuposa amene kuthamangitsana kwa magalimoto kukadabweretsa. Zoopsa za m'filimuyi zili m'tinthu tating'ono tapakhomo: mkaka, theŵera la nyuzipepala, kulira kwa mwana kumene anansi angamve.

Mphamvu yachiŵiri ili pa nkhani ya dzina, ndipo apa wophunzira zilankhulo za Chibantu awona zimene ena sangawone. Liwu loti tsotsi ndi dzina wamba lotanthauza chigaŵenga cha m'tauni, ndipo limadziŵika m'maiko ambiri a chigawo chathu. M'Chizulu ndi m'Chisotho liwuli lili m'gulu la maina limene Clement Doke adalitcha 1a, gulu lomwenso muli maina a anthu ndi maina a chibale. Polankhula m'Chizulu, utsotsi wotanthauza chigaŵenga chilichonse ndi uTsotsi wotanthauza mnyamata uyu zimveka chimodzimodzi. Tsono nthaŵi iliyonse anzake akamuitana, akumuuzanso chimene iye ali. Mnyamatayu adataya dzina lake, David, tsiku limene adathaŵa kwao. Miriam atamufunsa dzina la khanda, iye ayankha kuti ndi David. Kwa anthu amene kwao kutcha mwana dzina ndi udindo wa achibale, kachigawo kakafupi kameneka kanena zambiri: wakuba wadziika m'malo a kholo, ndipo mwana wosoŵa amene iye akumufunafuna ndi iye mwini. Motero filimu ili ndi ana osoŵa aŵiri, wina amene mzinda wonse ukumufuna ndi wina amene palibe adamufunapo.

Mphamvu yachitatu ndi kusankha chilankhulo. Fugard adalemba m'Chingerezi, nkhani yake ikuchitika m'zaka za m'ma 1950, nthaŵi ya Sophiatown, dera limene boma la tsankho lidayamba kuligwetsa mu 1955. Kalankhulidwe ka anyamata a m'misewu ya nthaŵi imeneyo, Tsotsitaal, kadakhazikika pa Chiafrikaans. Pambuyo pake m'madera onga Soweto kalankhulidwe kotere kadayamba kukhazikika pa Chizulu ndi Chisotho, ndipo ena amakatcha Iscamtho. Hood adasamutsira nkhani ku South Africa wa pambuyo pa 1994, nalola oseŵera kulankhula mosakaniza zilankhulo monga m'mene achinyamata a kumeneko amalankhulira. Kukadakhala kosavuta kugulitsa filimu ya Chingerezi kumaiko akunja, choncho kusankha kumeneku nkoyamikika. Nyimbo za kwaito za Zola, amenenso akuseŵera ngati Fela, zikugwirizana ndi kalankhulidweko, chifukwa zonse zidabadwira m'misewu yomweyo.

Chachinai, sitingaleke kutchula Presley Chweneyagae, amene adamwalira mu 2025. Iye adali mnyamata wa zaka pafupifupi 20 pamene adaseŵera ngati Tsotsi. Mau amene adapatsidwa ngochepa, ndipo kusintha kwa mtima wa Tsotsi timakuŵerenga m'maso mwake ndi m'kaimidwe kake. Chigawo chimene akutsata Morris, wopemphapempha wa pa njinga ya olumala amene adavulala ku mgodi, namufunsa chifukwa chake akupitirizabe kukhala moyo, chikadatha kusanduka ulaliki. Chweneyagae ndi Jerry Mofokeng adachigwira modziletsa kotero kuti mpaka chitathe sitidziŵa ngati mkuluyo aphedwa kapena ai.

4. Zofooka Zake

Chofooka choyamba chichokera pa mphamvu yoyamba ija. Popeza kamera ikhala ndi wakuba, makolo a mwana atsala pang'ono kuiŵalika. Pumla wawomberedwa, walumala, mwana wake watengedwa, koma timuwona m'tizigawo tochepa ali m'chipatala ndiponso pa geti. Chisoni chake chagwiritsidwa ntchito ngati makwerero oti Tsotsi akwerepo kunka ku chipulumutso. Apolisi aŵiri ofufuza, mzungu ndi wakuda, alibe umunthu waowao, ndipo kufufuza kwao sikutipatsa nkhaŵa yeniyeni. Tingati mbali imodzi ya nkhani idamangidwa ndi njerwa, ina ndi udzu. Filimu imene ikutipempha kumvera chifundo wolakwa iyenera kutiwonetsa mokwanira zoŵaŵa za wolakwiridwa, kupanda kutero chifundocho chikhala chotsika mtengo.

Chachiŵiri ndi kafotokozedwe ka chiyambi cha nkhanza za Tsotsi. Tiwonetsedwa za ubwana wake: mai ake ali gone ndi matenda, bambo ake oledzera amuletsa kuŵayandikira, kenaka athyola msana wa galu ndi chidendene, ndipo mwanayo athaŵa kukakhala m'mapaipi a simenti pamodzi ndi ana ena osoŵa pokhala. Zithunzi zimenezi nzogwira mtima, koma zibwera mwadongosolo lopitirira muyeso. Galu wothyoka msana afanana ndi Morris, Morris afanana ndi Pumla, ndipo zonse zilumikizana ngati funso la masamu lokhala ndi yankho limodzi. M'buku la Fugard, mai a David atengedwa ndi apolisi pa chipikisheni cha ziphaso, kotero kuti kusweka kwa banja kuchokera ku malamulo a boma. Filimu yachotsa chifukwa chimenechi niika m'malo mwake matenda ndi bambo woipa. Zikwangwani zochenjeza za Edzi zikuwoneka, nyumba za olemera ndi zisakasa za osauka zikuwonekanso, koma mlandu wonse watsikira pakhomo la banja limodzi. Buku lithera pa imfa ya Tsotsi, chipupa chitamugwera pamene akuthamangira kukapulumutsa khanda m'mabwinja amene akugwetsedwa. Filimu ithera pa manja okwezedwa m'mwamba ndi misozi. Mathero a filimu ngotonthoza, koma kusinthika kwa munthu wakupha m'masiku oŵerengeka kufunika umboni wochuluka kuposa umene tapatsidwa.

Chachitatu ndi Miriam. Terry Pheto adaseŵera bwino, koma mbali imene adapatsidwa njopapatiza. Mai amene waloŵeredwa m'nyumba ndi mfuti nakakamizidwa kuyamwitsa mwana wachilendo wachitidwa chipongwe chachikulu. Filimu ifulumira kusandutsa mantha ake kukhala chifundo, ndipo posakhalitsa iye akhala chikumbumtima cha amene adamuwopseza. Akazi atatu ofunika m'nkhaniyi, mai a David, Pumla ndi Miriam, onse alipo chifukwa cha umai wao, ndipo onse atumikira ulendo wa mwamuna mmodzi.

Chachinai chikhudza chilankhulo, ndipo ndicho chondidetsa nkhaŵa koposa. Funso lalikulu la Boston kwa Tsotsi, ndiponso mkangano wake ndi Fela pambuyo pake, zizungulira pa liwu la Chingerezi loti decency. Liwuli lidachokera m'buku, ndipo wina anganene kuti nloyenera m'kamwa mwa Boston, amene adaphunzirako zauphunzitsi koma sadatsirize. Zimenezi nzoona. Komabe zotsatira zake nzakuti m'filimu yodzaza ndi zilankhulo za Chibantu, liwu lonyamula phunziro lonse la khalidwe libwera m'Chingerezi, kuchokera kwa munthu wa sukulu, pamene kutukwana ndi kuwopseza zitsalira kalankhulidwe ka m'misewu. Chizulu ndi Chixhosa zili ndi ubuntu, Chisotho ndi Chitswana zili ndi botho, monga Chicheŵa chili ndi umunthu. Mau ameneŵa akadanena zimene Boston akufuna kunena mozama koposa, popeza amangidwa pa tsinde la liwu loti munthu, ndipo funso lenileni la filimu ndi lakuti kodi Tsotsi akadali munthu. Mosafuna, filimu yalimbikitsa ganizo lakale lakuti nkhani zapamwamba zimakambidwa m'Chingerezi.

Chachisanu ndi mau a Chingerezi olembedwa kunsi kwa chithunzi. Iwo ndiwo adafikitsa filimu kwa oŵeruza akunja, koma amasalaza zonse kukhala chilankhulo chimodzi. Woŵerenga sangadziŵe pamene wolankhula wachoka ku chilankhulo china kunka ku china, chonsecho m'mizinda yathu kusintha kotere kumanena za msinkhu, ulemu, ubale ndi mphamvu. Ngakhale kufanana kwa utsotsi ndi uTsotsi kumene tafotokoza kuja kutayika, chifukwa Chingerezi cholembedwa chiyenera kusankha pakati pa lemba lalikulu ndi laling'ono. Vutoli si la Hood yekha, koma litikumbutsa kuti filimu imene idalandira mphotho ku Los Angeles ndi imene adaimva anthu a ku Soweto sizofanana kwenikweni.

5. Mau Otsiriza

Titayeza mbali zonse, Tsotsi ndi filimu yamphamvu pa kukoka mtima, pa kaseŵeredwe ndi pa kulola anthu kulankhula monga amalankhulira. Ikufooka pamene ikufulumira kukhululukira, pamene ikuchepetsa olakwiridwa, ndi pamene ikubwereka ku Chingerezi liwu limene zilankhulo zake zomwe zidali nalo kale. Chigawo chomaliza, pamene John Dube atuluka pa geti modekha kudzalandira mwana wake m'manja mwa munthu amene adalumaza mkazi wake, chiwonetsa zimene filimu yonse ikadakhala makolowo akadapatsidwa malo okwanira.

Kwa ife pali ntchito ziŵiri. Yoyamba ndi kuphunzira mozama kalankhulidwe ka achinyamata a m'mizinda yathu, ku Lilongwe, Blantyre, Lusaka ndi Harare, popanda kukanyoza ngati chilankhulo chowonongeka, chifukwa opanga mafilimu adzapitiriza kukagwiritsa ntchito ife tifune tisafune. Yachiŵiri ndi kuphunzitsa omasulira amene angathe kulemba mau a kunsi kwa chithunzi m'zilankhulo zathu zomwe. Filimu ya Chizulu kapena Chisotho yomasuliridwa molunjika m'Chicheŵa ingasunge ulemu, maina a chibale ndi magulu a maina zimene Chingerezi chimataya, ndipo wowonera wa ku Zomba kapena ku Chipata sangafunikenso kudzera ku London kuti amve mnansi wake wa ku Johannesburg.