Kodi Nthano ya Akafula Inatiuza Zonse?

Ndi anthu owerengeka m'dziko muno amene anakula osamva za Akafula. Ena amawatcha Abatwa, ena Amwandionerapati. Ku Chikwawa ndi ku Nsanje akuluakulu amasimba za iwo monga momwe amasimbira a ku Dedza, ndipo nkhani yawo inalowanso m'mabuku a sukulu. Nthano imene yakhala nthawi yaitali chotere iyenera kupetedwa monga mapira m'lichero, kuti tione chimene chili chakudya ndi chimene chili mankhusu. Ndiyo ntchito imene tifuna kuchita pano, inu owerenga ndi ife pamodzi.

Nthanoyo

Nthano imati pamene makolo athu anafika kuno ndi makasu ndi mbewu zawo, anapeza anthu aafupi msinkhu, osalima, okhala m'mapanga, odya nyama, uchi ndi zipatso. Munthu akakomana ndi mmodzi wa iwo panjira, iye ankafunsa kuti, "Mwandionera pati?" Woyankha kuti, "Ndakuonerani pompano," ankalasidwa ndi muvi wa ulembe. Koma wochenjera ankati, "Ndakuonerani patali, muli paphiri lija," ndipo Kafula ankakondwa poyesa kuti ndi wamtali, namlola kuti apite. Potsiriza, itero nthano, Akafula anagonja pankhondo. Ena anaphedwa, ena anathawa, ndipo sanaonekenso.

Zimene nthano inasunga bwino

Tiyambe ndi kuiyamika. Nthanoyi ndi yaifupi, ili ndi funso limodzi ndi mayankho awiri, kotero kuti ngakhale mwana akaimva kamodzi saiwala. Wopeka wake ankadziwa ntchito.

Inasunganso zoona ziwiri. Choyamba, ivomera kuti makolo athu anapeza eni dziko alipo kale. Zimenezi ofukula zakale anazitsimikiza. M'chaka cha 1950 Desmond Clark anakumba pansi pa phanga la ku phiri la Hora ku Mzimba, napeza mafupa a anthu ndi timiyala tosema tambirimbiri timene ankagwiritsa ntchito ngati mipeni ndi nsonga za mivi. Zotere zinapezekanso ku Fingira ku Nyika ndi ku Chencherere ku Dedza. Ku mapiri a Chongoni kuli malo 127 okhala ndi zithunzi zojambula pamiyala, ndipo bungwe la UNESCO linawaika m'kaundula wa chuma cha dziko lonse mu 2006. Zithunzi zofiira za mizere ndi zozungulira ndi za anthu osaka aja. Zoyera ndi za Achewa amene anadza pambuyo.

Chachiwiri, taonani kuti m'nthano muja Kafula afunsa ndipo mlimi ayankha. Anthu sangamvane chinenero ngati anaonana tsiku limodzi lokha. Alimi osula chitsulo anafika m'dziko muno zaka zochepera pang'ono pa 2,000 zapitazo, koma ku Chencherere zidutswa za mbiya za alimi zinapezeka pamodzi ndi zida zamiyala za osaka. Gadi Mgomezulu, Mmalawi amene anakumba m'dera la Linthipe m'zaka za m'ma 1970, anapezanso kuti mitundu iwiriyi inakhala moyandikana zaka mazanamazana. Ngakhale mwambo wa Achewa umati ng'oma yopatulika ya Mbiriwiri ya ku kachisi wa ku Msinja inachokera kwa Akafula. Munthu sasunga m'kachisi chinthu cha anthu amene amawayesa achabe.

Pamene nthano inalephera

Koma nthano ili yonse imakometsa mwini wake. Iyi inapekedwa ndi alimi, chifukwa chake mlimi ndiye wochenjera ngati Kalulu, ndipo Kafula ndiye wopusa wonyengeka ndi mawu okoma. Imatiseketsa ndi msinkhu wake, koma siifunsa funso lalikulu ili: munthu wopanda nkhokwe, wopanda khola, wopanda khasu, anakhala bwanji ndi moyo m'dziko la chilala ndi madzi osefukira, iye ndi ana ake, kwa zaka zikwizikwi? Wopusa sangathe chaka chimodzi m'tchire.

Dziko lino lakhala likusintha kuyambira kale. Akatswiri amene anabowola matope a pansi pa Nyanja ya Malawi mu 2005 anapeza kuti pakati pa zaka 135,000 ndi 75,000 zapitazo kunagwa zilala zoopsa, ndipo madzi ambiri a m'nyanjamo anaphwa. Ku Karonga kwapezeka zida zamiyala za anthu akale koposa, pamodzi ndi umboni wakuti kuyambira zaka pafupifupi 85,000 zapitazo anthuwo ankatentha tchire, ndipo motowo unasintha maonekedwe a nkhalango. Anthu osaka sankangolandira zimene dziko lawapatsa ayi. Ankalisamala ndi kulikonza monga momwe ankadziwira.

Nzeru zinayi zimene nthano inasiya

Yoyamba ndi kusadalira chakudya chimodzi. M'mapanga muja muli mafupa a nyama za mitundu yambiri, zazikulu ndi zazing'ono, ndi zigoba za nkhono. Mlimi wa chimanga chokha, mvula ikadula mwezi umodzi, wataya zonse. Koma wodziwa mizu, zipatso, uchi, nsomba ndi nyama, china chikasowa amatembenukira ku china.

Yachiwiri ndi kusamuka. Munthu amene katundu wake yense alowa m'thumba limodzi salimbana ndi madzi kapena dzuwa. Amatsata kumene kuli chakudya pa nyengo yake, ndipo malo amene wasiya amapuma.

Yachitatu ndi kugawana. Izi tiziona kwa anthu a moyo wotere amene alipo kufikira lero, monga Hadza a ku Tanzania ndi San a ku Botswana ndi Namibia. Kwa iwo wopha nyama yaikulu sadya yekha. Nyama imagawidwa m'msasa wonse, pakuti mawa mwayi udzagwera wina. Akulu athu anati kupatsa ndi kuika. Nkhokwe ya munthu wosaka inali m'mimba mwa anzake.

Yachinayi ndi ubale wa kutali. Masiku ano akatswiri amatha kuwerenga m'mafupa akale chizindikiro cha mtundu chimene mwana amalandira kwa makolo ake, chotchedwa DNA. Poyesa mafupa a ku Hora, Fingira ndi Chencherere, anaona kuti anthuwo anali pachibale ndi San a kumwera ndiponso ndi Hadza a kumpoto. Kafukufuku wofalitsidwa mu 2022 anasonyeza kuti kalekale anthu a m'madera otalikirana kwambiri ankayenderana ndi kukwatirana. Wokhala ndi abale kutali ali ndi kothawira pamene kwawo kwauma.

Umboni wa m'chigwa cha Shire

Wina angafunse kuti, "Zonsezi ndi za kumapiri, nanga ife a kuchigwa zitikhudza bwanji?" Mapanga amasunga mafupa, pamene mtsinje umakwirira zakale ndi matope chaka ndi chaka. Koma m'chigwa muno umboni uli m'mbale za anthu, pakuti nzeru za mtundu womwewo ndizo zapulumutsa Amang'anja ndi Asena nthawi zambiri.

Pamene David Livingstone anakwera mtsinje wa Shire mu 1859, anaona anthu m'madambo akuzula nyika, mizu ya maluwa a m'madzi, ndipo analemba dzina lake lomwelo. Mnzake John Kirk anaphunzira kwa alenje a kuno za kombe, ulembe wopaka pamivi, umene pambuyo pake madokotala a ku Ulaya anapanga nawo mankhwala a mtima. Anthu amenewa anali alimi a mapira ndi thonje, koma tchire ndi dambo ankazidziwa ngati munda wachiwiri.

Patangopita zaka zochepa, mu 1862 ndi 1863, chilala chinagwa pamodzi ndi nkhondo za ogwira akapolo. Anthu anafa ochuluka, kotero kuti mitembo inkayandama mumtsinje. Chilala chokha chikanapiririka, pakuti dambo linalipo. Koma mfuti zinatseka njira, anthu sanathe kulima madimba kapena kuyenda momasuka kukafuna chakudya. Njala ina yaikulu inagwa mu 1922 ndi 1923. Mtsinje nawonso sunakhale chimodzimodzi: kuyambira 1915 mpaka 1935 madzi a m'nyanja analeka kutsikira mu Shire, ndipo atabwerera, chakumapeto kwa zaka za m'ma 1930, anamiza madimba ambiri. Mabanja amene anataya minda anatembenukira ku usodzi wa milamba ndi mphende, ena anakwera kumtunda, ena anapita kwa abale awo ku Mozambique.

Elias Mandala, Mmalawi wolemba mbiri, anafotokoza za chigwa chino m'buku lake la 2005 lotchedwa The End of Chidyerano. Chidyerano chinali chizolowezi chakuti mabanja a pamudzi abweretse nsima ndi ndiwo zawo pamalo amodzi ndi kudyera limodzi, kotero kuti mwana wamasiye ndi nkhalamba sankagona ndi njala pamene ena akhuta. Kodi si nzeru yachitatu ija? Ndipo mayi wa ku Nsanje amene alowa m'dambo la Ndindi m'chaka cha njala kukazula nyika, ngakhale adziwa kuti muli ng'ona, kapena atola malambe, bwemba ndi masawu, achita ntchito imene nthano inaiyesa ya anthu otsalira. Ana ake akhala ndi moyo chifukwa cha ntchito yomweyo.

Chimene chinawagonjetsa

Tisakometse zinthu mopitirira. Moyo wa osaka unali wovuta, ndipo pa chinthu chimodzi nthano inanena zoona zowawa: Akafula anatha. Kafukufuku wa 2017 anasonyeza kuti mwa Amalawi a lero amene anayesedwa, chizindikiro cha anthu akale aja sichioneka, kapena chilipo chochepa kwambiri.

Koma nthano imati anatha ndi nkhondo imodzi, ndipo pamenepo yafupikitsa nkhani. Anthu amene anakhala moyandikana ndi alimi zaka zoposa 1,000 sanathe tsiku limodzi. Munda umadyetsa anthu ambiri pamalo ochepa, pamene banja losaka lifuna tchire lalikulu. Midzi itachuluka, nkhalango zinagwa, nyama zinachepa, ndipo njira zosamukira zinatsekeka. Anthu amene anapirira kusintha kwa mvula kwa zaka zikwizikwi analephera kupirira kutha kwa malo. Nzeru zinayi zija zimagwira ntchito pokhapokha pamene tchire, dambo ndi njira zili zotseguka.

Apa ndi pamene nkhaniyi itikhudza ife. M'zaka za m'ma 1960 minda yaikulu ya nzimbe inatsegulidwa ku Nchalo. Lengwe inakhala paki ya boma mu 1970, ndipo Majete ndi Mwabvi ndi malo osungira nyama. Zimenezi zili ndi phindu lake, pakuti zimapereka ntchito ndi kuteteza nyama zimene zikanatha. Komabe anthu achuluka, mitengo yapita ku makala, ndipo munda wachiwiri uja wachepa. Madzi osefukira a 2015, ndi anamondwe Idai mu 2019, Ana mu 2022 ndi Freddy mu 2023, anapeza anthu ambiri alibe kothawira koma m'misasa ya pasukulu ndi patchalitchi. Dambo la Elephant Marsh, limene mu 2017 linalembedwa pakati pa madambo ofunika pa dziko lonse, ndilo nkhokwe yaikulu yotsala ya amphawi a m'chigwa. Likauma kapena likagawidwa kwa anthu owerengeka, otsalawo adzaona chimene anaona Akafula.

Tiisimbe bwanji tsopano?

Chiweruzo chathu ndi ichi: nthano ya Amwandionerapati ndi yokoma pakamwa, yoona pa chiyambi ndi pa mapeto, koma yopanda kanthu pakati. Inasunga msinkhu wa anthu, niitaya nzeru zawo. Sitinena kuti itayidwe, pakuti mawu a akulu akoma akagonera. Tinena kuti iwonjezedwe.

Inu amene mwaphunzira kuwerenga ndi kulemba muli ndi chida chimene makolo analibe. Pitani kwa agogo a m'mudzi mwanu, muwafunse maina a mizu, masamba ndi zipatso zimene ankadya m'zaka za njala, kumene zimamera, mwezi umene zimapezeka, ndi kaphikidwe kake, makamaka zija zokhala ndi ululu monga mitundu ina ya mpama. Lembani zonsezo m'kope, muwerengere ana anu. Pamsonkhano wa kwa amfumu, pamene akamba za dambo kapena za mitengo ya malambe ndi bwemba, kumbukirani kuti akamba za chakudya cha chaka choipa.

Ndipo mukamasimbira ana za Kafula ndi funso lake, akatha kuseka muwafunse kuti, "Nanga munthu ameneyu ankadya chiyani mvula ikakana?" Pamenepo nthano idzayamba kuphunzitsa.